Fayilo Ikafera Panjira, Londola Mapazi Ake

Mdzukulu wanga, sendeza mpandowo kuno, ubwere nako kabokosi wakapeza m'chikwama changa cha zida kaja. Amayi ako andiuza kuti mwezi wamawa ukukayamba maphunziro a za makompyuta. Ya thiransipoti akupatsa atsibweni ako, bulangete agula kale amayi ako. Ine changa ndi mawu, ndipo mawuwo ali m'kabokosi kameneka.

Dzina lake ndi modemu. Katembenuze. Ukuona timabowo tiwirito, kena kolembedwa LINE, kena PHONE? Koyambako ndi kolowera waya wochokera kukhoma, kachiwiriko n'kolumikizira lamya ya patebulo. Chibowo chachikulucho ndi cha chingwe chopita ku kompyuta. Kompyuta imangodziwa 0 ndi 1, pamene waya wa lamya anaukonzera mawu a munthu, amene amadutsa pakati pa 300 ndi 3,400 Hz. Ndiye modemu ntchito yake ndi ya womasulira: imatenga manambala aja n'kuwasandutsa kulira koti kudutse pawaya, inzake ya kutsidya n'kusandutsanso kulirako kukhala manambala.

Kuno kwathu imelo inayambira ku Chancellor College ku Zomba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makompyuta akuimbirana lamya n'kupatsirana makalata kudzera mu FidoNet. Pofika 1997, MalawiNet inayamba kugulitsa intaneti kwa anthu ndi maofesi. Kuyambira pamenepo ine nsima yanga inkachokera pa mawu amodzi okha: "Abambo, tabwerani, fayilo yakana kupita." Pa liwiro la 28,800, fayilo ya megabayiti imodzi inkadya mphindi pafupifupi zisanu, mphindi iliyonse ikulembedwa pa bilu ya lamya. Ikafera pafupi ndi mapeto, mwini wake ankayambiranso pa chiyambi, ndalama zapita kale. Ndinaonapo akalaliki atagwira kumutu madzulo a tsiku lomaliza la mwezi, malipiro a anthu ali m'fayilo imene yakana kuchoka patebulo. Ukamamva ndikunena za mawaya ndi manambala, uzikumbukira kuti kuseri kwake kunali munthu amene akudikira.

Mlenje akalasa gwape n'kumuthawa, salowa m'tchire paliponse. Amabwerera pamene analasira, n'kuyamba kulondola mapazi ndi madontho a magazi. Fayilo nayo ili ndi njira yake. Imachoka mu pulogalamu, n'kutulukira pa poti ya kompyuta, n'kudutsa m'chingwe, n'kulowa m'modemu. Kuchokera apo imatsata waya wa m'nyumba, waya wa pamapolo, eksichenji, mpaka modemu ya kutsidya. Malo asanu ndi atatu amenewo. Ikafa, yafera pa amodzi mwa malowa. Ntchito yako ndi kupeza pamene yagwera usanamasule sikuluwu ngakhale imodzi. Zonse zimene ndikuuze pano zikuchokera pamenepa.

Ukafika pamalo, manja akhale m'thumba, uyambe wafunsa. Safunsa anadya phula. Ine ndinali ndi mafunso atatu amene sindinkawasiya kunyumba. Imafera pati? Imafa nthawi yanji? Chasintha n'chiyani kuchokera tsiku limene inapita bwino? Funso loyambalo ndi lolemera kuposa onse. Fayilo imene lero yafera koyambirira, mawa pakati, mkucha kumapeto, ikukulozera ku waya, chifukwa phokoso la pawaya silisankha malo. Imene ikufera pamalo amodzimodzi nthawi zonse ikukuuza kuti waya alibe mlandu, pali china m'katcheredwe ka makina chimene chikuidikirira pamenepo. Imene imayamba bwino koma n'kumatsamwa ikatalika, kawirikawiri ndi kompyuta imene ikulephera kumeza mwa liwiro limene modemu ikuithirira. Ndipo imene yafika yonse koma ikukana kutseguka, imeneyo yasinthidwa panjira. Izi zinkachitika kwambiri potumiza ndi FTP, munthu akasiya pa ascii m'malo mwa binary: pulogalamuyo inkayesa chithunzi kapena fayilo ya zip ngati kalata, n'kumakonza mapeto a mizere m'malo amene mulibe mizere. Matenda anayi, mankhwala anayi osiyana, ndipo onsewo wawasiyanitsa ndi pakamwa pokha.

Ukafunsa, mvetsera. Modemu ili ndi kasipika, ndipo anthu ambiri ankakazimitsa chifukwa kankawasokosa. Ine ndinkakayatsa. Pamayenera kumveka kaye kulira kwa laini, kenako manambala akuimbidwa, kenako kutsidya kuyankha ndi likhweru lalitali, kenako ziwirizo n'kuyamba kukhuluma ndi kuswa phokoso ngati mvula padenga la malata. Pamenepo zikupatsana moni ndi kuyesa waya, kuti zigwirizane liwiro limene wayayo angalipirire. Zikamvana, zii. Koma ukamva moni ukubwerezedwa kawiri katatu, dziwa kuti zikuvutika kumvana, ndipo ngakhale zilumikizane sizikhalitsa.

Modemu imalankhulanso m'malemba, ukaifunsa m'chinenero chake. Chinenerocho chinachokera ku kampani ya Hayes ya ku America, imene inatulutsa Smartmodem mu 1981, ndipo pafupifupi lamulo lililonse limayamba ndi AT. Ndinkatsegula pulogalamu ya HyperTerminal n'kulemba AT yokha. Ikayankha kuti OK, ndadziwa kuti poti, chingwe ndi modemu zili moyo: malo atatu achoka pa mndandanda wa oganiziridwa. Ndikalemba ATDT ndi nambala, yankho lake linkandilozera kotsatira. NO DIALTONE ndiye kuti laini sikufika pamodemu, mwina waya walowa pabowo la PHONE, mwina ofesiyo ili ndi switchibodi yofuna kuti uyambe waimba 9 kapena 0 ndi kupumira pang'ono. BUSY ndiye kuti kutsidya kwadzaza. NO CARRIER ndiye kuti zinayesa kugwirana chanza koma zatayana. Windows nayo inali ndi manambala ake: 680 laini palibe, 676 kutsidya kwatanganidwa, 678 sakuyankha, 691 dzina kapena pasiwedi yakanidwa. Ndinapezapo mnyamata atakwera padenga kukasenda mawaya, pamene pasikirini palembedwa 691. Nambala imeneyo inkatanthauza kuti waya wagwira bwino ntchito yake mpaka kutsidya, chakanika ndi pasiwedi. Werenga zimene makina akukuuza mpaka kumapeto, mdzukulu wanga. Anthu ambiri amadina OK asanawerenge.

Tsopano za waya, chifukwa kuno kwathu ndi kumene mafayilo ambiri ankafera. Mayeso ake ndi osafuna ndalama. Zula modemu, lumikiza lamya wamba, imba nambala imodzi yokha kuti kulira kwa laini kuleke, ndiye ugwire mpweya n'kumvetsera. Laini yabwino imakhala chete. Yodwala imathetheka ngati nkhuni zaziwisi pamoto, kapena kung'ung'udza chapansipansi, kapena kukumvetsa anthu ena akucheza chapatali. Khutu la munthu limapirira zonsezi, mumamvana ndithu ndi amene ukulankhula naye. Modemu siipirira. Kuthetheka kumodzi kwa kamphindi kumafafaniza mabiti mazanamazana.

Kunali ofesi ina kuboma lina kumene intaneti inkayenda bwino m'chilimwe chonse, koma mvula ikangoyamba mu Disembala, masana aliwonse inkaduka. Anali atasintha kale modemu kawiri. Funso lachiwiri lija, lakuti imafa nthawi yanji, ndi limene linanditulutsa panja. Ndinatsata waya kuchokera pasoketi, kudutsa pawindo, mpaka kuseri kwa nyumba, ndipo pansi pa ngalande ya denga ndinapeza pamene wina analumikiza mawaya awiri pongowapota n'kukulunga selotepi. Nditamasula, kopa yense anali atachita ndere zobiriwira, madzi ali chonyowa. Ndinadula, kupala, kulumikiza bwino, n'kutsekera m'kabokosi kosalowa madzi. Ntchito ya theka la ola inathetsa vuto la zaka ziwiri. M'nyumba namonso muli adani ake: waya wautali wodutsa pansi pa kapeti n'kumapondedwa ndi mipando, waya woyenda limodzi ndi wa magetsi, makina a fakisi ndi malamya ena olumikizidwa pa laini yomweyo. Munthu akanyamula lamya m'chipinda china, fayilo yafa. Wina akaimba pa laini imene ili ndi kabelu kodziwitsa kuti pali foni ina ikudikira, kabelu komweko n'kokwanira kudula zonse. Uzizula zonsezi, usiye modemu yokha pa soketi yoyamba ndi waya wamfupi. Vuto likatha, linali m'nyumba. Likatsala, uli ndi umboni wokapereka kwa eni laini, ndipo ukawauza zenizeni: laini ikuthetheka pasoketi yoyamba, zonse zitazulidwa.

Koma nkhani imene ndikufuna uisunge kuposa zonse ndi iyi, chifukwa inandiphunzitsa ndi manyazi. Ndisanaifotokoze, udziwe mmene fayilo inkayendera. Pa njira yotchedwa XMODEM, imene Ward Christensen analemba mu 1977, fayilo imadulidwa m'timaphukusi ta mabayiti 128. Phukusi lililonse limanyamula nambala yake kutsogolo ndi chiwerengero chotsimikizira kumbuyo, monga mmene umatumizira matumba a chimanga pa lole, thumba lililonse ndi nambala yake ndi kulemera kwake. Wolandira amayeza. Zikagwirizana amati bweretsa lina, zikasiyana amati bwereza. Akabwereza kambirimbiri osatheka, amagwa ulesi n'kusiya.

Mayi wina woyang'anira maakaunti pa bungwe lina laling'ono anandiitana kuti malipoti ake sakupita kulikulu. Timakalata tating'ono tinkadutsa, lipoti lenileni ayi. Tsikulo ndinali ndi malo ena atatu oti ndifikeko. Ndinamvetsera laini mothamanga, ndinamva kakuthetheka pang'ono, ndinayang'ana modemu yawo yakale, n'kugamula kuti agule ina. Mayiyo anapita kwa abwana ake, anapempha ndalama zimene bungwelo linalibe, modemu yatsopano inabwera kuchokera ku Blantyre. Nditalumikiza, lipoti linafanso. Mayiyo sanandikalipire. Anangotulutsa kapepala m'kabati n'kunena kuti, "Abambo, ine ndakhala ndikulemba. Nthawi zonse imaima pa 17." Anali atandiuza zimenezi tsiku loyamba lomwe, ine osamva.

Ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza bwino. Pakati pa kompyuta ndi modemu pamafunika njira yoti wina auze mnzake kuti taima kaye, ndadzaza. Njira zake ndi ziwiri. Ina imagwiritsa ntchito mawaya awiri apadera a m'chingwe, RTS ndi CTS. Inayo, XON/XOFF, imatumiza zizindikiro m'njira yomweyo imene mukudutsa fayilo: bayiti ya nambala 19 ndiye kuti ima, ya nambala 17 ndiye kuti pitiriza. Pulogalamu ya mayi uja inali itatcheredwa pa njira yachiwiriyi. Ndiye phukusi la 17 likamadutsa, modemu inkaona nambala 17 ija n'kuyesa kuti ndi lamulo lopita kwa iyo, n'kuimeza. Phukusi linkafika kutsidya lopanda nambala, n'kukanidwa, n'kubwerezedwa, n'kukanidwanso. Maphukusi 16 a mabayiti 128 ndi mabayiti 2,048, n'chifukwa chake timakalata tosapitirira pamenepo tinkadutsa bwinobwino. Modemu yatsopano inkalandira lamulo lolakwika lomwelo kuchokera ku pulogalamu yomweyo. Ndinasintha katcheredwe kupita pa RTS ndi CTS, pa modemu imeneyo lamulo lake linali AT&K3, ndipo lipoti linapita ulendo umodzi. Modemu yakale ija inalibe vuto lililonse. Ndi imene uli nayo m'manjamo. Ndinaigula kwa iwo ndi ndalama zanga, pa mtengo wa yatsopano ija, chifukwa kulakwa kunali kwanga, ndipo ndaisunga zaka zonsezi kuti izindikumbutsa. Munthu amene amakhala ndi makina tsiku ndi tsiku amadziwa zimene iwe wobwera ndi chikwama cha zida sukuzidziwa. Akhale kalaliki, akhale mesenjala, umumvere mpaka amalize.

Zina zinkabisala mkati mwa kompyuta momwe. Pa poti iliyonse panali kachipangizo kotchedwa UART, kolandira mabayiti kuchokera ku modemu. Takale, 8250 ndi 16450, tinkasunga bayiti imodzi yokha, ndiye kompyuta ikachedwa kuitenga, yotsatira inkaipondereza n'kuifafaniza. Kotchedwa 16550A kankasunga mabayiti 16, ndipo kusiyana kumeneko n'kumene kunkapulumutsa mafayilo aakulu. Pa kompyuta yakale, mankhwala ake anali kutsitsa liwiro la poti kuchoka pa 115,200 kufika pa 38,400 kapena 19,200. Panalinso mkangano wa mapoti: COM1 ndi COM3 zinkagawana IRQ 4, COM2 ndi COM4 zinkagawana IRQ 3. Mausi ikakhala pa COM1, modemu pa COM3, ziwirizo zinkalimbirana khomo limodzi, moti munthu akangogwedeza mausi fayilo inkasokonekera. Vuto lotere sungalipeze m'buku. Umalipeza poima kumbuyo kwa munthuyo n'kuona chimene dzanja lake likuchita pa nthawi imene zinthu zikuwonongeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za liwiro nazo ndikuuzepo. Modemu zinakwera pang'onopang'ono: 14,400 mu 1991, 28,800 mu 1994, kenako 33,600, mpaka 56k imene inakhazikitsidwa ndi muyezo wa V.90 mu 1998. Aliyense ankafuna kuona nambala yaikulu pasikirini. Koma modemu ikalumikiza pa liwiro loposa mphamvu ya waya, zolakwika zimachuluka. Njira yokonza zolakwika ya V.42 imabwereza chilichonse chimene chafika chopunduka, ndipo zikanyanya modemu ziwirizo zimaima kaye n'kuyambanso kupatsana moni. Munthu amangoona kuti zonse zaima nji, timagetsi tasiya kuphethira, kenako laini yaduka. Pa mawaya otopa ndinkaikakamiza modemu kuti isayese n'komwe 56k, ikhazikike pa 33,600 kapena 28,800. Eni ake ankayamba adandaula kuti ndawachepetsera, koma madzulo ake ankapeza kuti fayilo imene inkafa katatu yapita kamodzi. Kuthamanga sikufika. Ndipo pamene kunali kotheka ndinkawasamutsira ku ZMODEM, imene Chuck Forsberg anatulutsa mu 1986, chifukwa iyo laini ikaduka imapitiriza pamene inalekezera, ndiponso zizindikiro 17 ndi 19 zija imazibisa kuti modemu isazimeze.

Pa zonsezi, lamulo limene linkandisunga ndi lakuti usinthe chinthu chimodzi, uyese, ulembe. Ukasintha chingwe, liwiro ndi soketi nthawi imodzi, zinthu n'kuyamba kuyenda, sunachize kanthu. Wangochita mwayi, ndipo tsiku limene vutolo lidzabwerenso udzakhala mbuli ngati poyamba. Ndinali ndi kope la chikuto cholimba. Pa malo aliwonse ndinkalemba tsiku, nyengo, uthenga wa pasikirini monga mmene unalembedwera, chimene ndasintha, ndi chimene chachitika. Ndisanasinthe kalikonse ndinkalemba mmene ndazipezera, kuti zikakanika ndibwezeretse. Kopelo linkandiuza zinthu zimene mutu sukanasunga: kuti mzere wakutiwakuti umavuta mvula ikagwa, kuti modemu za mtundu wakuti sizimvana ndi za mtundu wakuti. Ndipo mvula ya mabingu ikamayandikira ndinkauza aliyense kuti azule waya wa lamya kukhoma, osangozimitsa kompyuta, chifukwa mphenzi inkalowera pawaya umenewo n'kupsereza modemu ili chizimire.

Mwina ukuti, agogo, zonsezi zinapita, ife tili ndi mafoni a m'manja ndi mabandulo. Zoona, kulira kuja sudzakumvanso. Koma dongle imene unkalowetsa pa laputopu ija ndi modemu, ndipo mkati mwake imamverabe malamulo oyamba ndi AT. M'foni yako momwemo muli modemu. Uthenga umadulidwabe m'timaphukusi, phukusi lililonse limayezedwabe, lopunduka limabwerezedwabe. Njira yangotalika, malo oti fayilo ifere achuluka. Ndipo anthu sanasinthe. Ukadzayamba ntchito udzapeza anzako amene yankho lawo ndi limodzi pa chilichonse: ndi netiweki, gulani ina, tifufute zonse tiyambirenso. Amathamanga, ndipo poyamba amaoneka ngati akatswiri. Iwe usatengeke nawo. Munthu amene wakuitana sadziwa zimene zili mkati mwa makina ake, ndiye chilichonse chimene unganene adzakhulupirira, n'kutulutsa ndalama ya ndiwo za ana ake. Ukapanda kupeza vuto, nena kuti sindinalipeze, ndibwera mawa. Ukalakwa, vomera pamaso pake, ukonze ndi thumba lako. Ine kuvomera kumene ndinavomera kwa mayi uja kunandibweretsera ntchito zambiri kuposa luso langa lonse, chifukwa iye ndi amene ankauza anzake kuti kuli munthu amene sanama.

Tenga kabokosiko, upite nako. Kope lija lili m'sutikesi pansi pa bedi, masamba akumapeto sanalembedwe, ukayambire pamenepo. Tsiku loyamba limene munthu adzakuitane kuti makina ake akana, udzalembe pamwamba pa tsamba mafunso atatu aja usanagwire chilichonse. Ndipo ukadzabwera pa holide, usadzandiuze kuti unakonza makompyuta angati. Udzandiuze limodzi lokha, pamene linafera, ndi mmene unalondolera mpaka kulipeza.